Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: Tigalimoto tapanjanji ndi chinyezi cha ku Zomba

M'gawo lapita lija ndinalekezera pa galimoto za mawaya zimene tinkathamangitsa ku Chinamwali tili ana. Lero ndafika pa tigalimoto tamagetsi timene tadzaza chipinda chimodzi cha nyumba yanga. Pano za ine zichepa, zichuluka ndi za njanji, mawaya ndi dzimbiri, chifukwa mpikisano wa tigalimotiti kuno kwathu umathera pamenepo.

Kayendedwe kake n'kosavuta. Msewu ndi wapulasitiki, wolumikiza zidutswazidutswa, ndipo uli ndi timipata tiwiri. M'mbali mwa mpata uliwonse muli tinjanji tiwiri tachitsulo tonyamula magetsi. Kunsi kwa galimoto, chakutsogolo, kuli kampeni kapulasitiki kolowa mumpatamo, ndi timaburashi tiwiri ta mkuwa wolukidwa tokhudza njanji. Chiwongolero palibe. Ntchito yanu ndi chala chokha pa kachipangizo ka m'manja kolamulira liwiro: kufinya pamsewu wowongoka, kumasula musanafike pakona. Mukachedwa kumasula, galimoto imasolotoka mumpata n'kukagwera uko.

Zambiri zomwe ndili nazo ndi za Scalextric, ya ku England, imene Fred Francis anaiyambitsa mu 1957. Msinkhu wake ndi 1:32, kutanthauza kuti galimoto ya mamita 4.5 imasanduka kagalimoto ka masentimita pafupifupi 14. Ubwino wake kwa ife ndi pulagi: seti yochokera ku England ili ndi mano atatu ngati athu omwewa, ndipo imalowa pakhoma popanda chosintha. Zochokera ku Joni zimafuna adaputa. Carrera ya ku Germany ili ndi msewu wotambalala kwambiri, ndipo zidutswa zake sizilumikizana ndi za Scalextric, choncho wachibale akamakugulirani, muuzeni mtundu umodzi.

Mdani wamkulu ndi chinyezi. Tili m'tsinde mwa phiri, mvula ya Disembala mpaka Malichi simasewera, ndiye mu Juni chiperoni n'kubwera. Njanji za Scalextric ndi chitsulo chokutidwa ndi kachikopa kopyapyala, ndipo kachikopako kakachoka, dzimbiri limalowa msanga. Mudzadziwa mukaona galimoto ikudodoma pamalo omwewo ulendo uliwonse. Apa ndiye pamene ambiri amalakwitsa: amathamangira sitiliwulu wa m'khitchini. Chonde musatero. Tizidutswa take timagwera mumpata n'kugundanitsa magetsi a njanji ziwirizo, tina timamatirira ku maginito a kunsi kwa galimoto, aja oikokera ku njanji, ndi kulowa mumota. Sandipepa nayenso amapala kachikopa kaja, mwezi wamawa dzimbiri n'kuwirikiza. Tengani labala wofufutira, uja wolimba, pukutani njanji, kenako pitanipo ndi kansalu konyowetsa pang'ono ndi sipiriti. Mukatha kusewera phimbani msewu ndi chitenje chakale. Tigalimoto tisungeni m'bokosi lotseka, muponyemo timapaketi tija timabwera m'makatoni a nsapato, timayamwa chinyezi.

Osayala msewu pasimenti. Thabwa la pulayi la mamita 2.44 ndi 1.22, lokhazika pa miyendo, limakwana msewu wabwino wa anthu awiri.

Njanji zikakhala zoyera koma galimoto ikukanabe, yang'anani timaburashi. Tiyenera kugona mosalala, nsonga zake zitapindikira pansi pang'ono ndi kumwazika ngati katsache. Tikada, pukutani ndi sipiriti. Tikatha, sinthani tonse tiwiri. Kupeza tatsopano kuno n'kovuta, koma okonza mafoni ali ndi kachingwe ka mkuwa koyamwira soda. Dulani masentimita awiri ndi theka, tsukani bwino ndi sipiriti kuti utomoni wake uchoke, kamagwira ntchito ndithu. Kamangotha msanga kuposa kenikeni.

Za matayala ndimazikonda kwambiri, chifukwa ndi pamene galimoto yotchipa imagonjetsa yodula. Mu Okutobala fumbi limakuta matayala akumbuyo pakangotha maulendo ochepa, galimoto n'kumaterera pakona. Matani selotepi pathebulo, mbali yomata ili m'mwamba, gudubuzanipo matayala musanayambe mpikisano uliwonse. Galimoto ikamadumphadumpha, ndiye kuti tayala silili lozungulira bwino. Ikani sandipepa wosalala pamsewu, timaburashi tikhudze njanji, gwirani kumbuyo kwa galimoto m'mwamba, finyani pang'ono, ndipo tsitsani matayala pa sandipepayo masekondi atatu kapena anayi, kenako pumitsani. Mukakanikiza nthawi yaitali mota imatentha ndipo mano a giya amadyeka. Magiya ambiri amakhala a mano 9 kumota ndi 27 kuekiselo. Dzino limodzi likathyoka mudzamva kulira kwa "ke-ke-ke". Mafuta ndi kadontho kapansonga ya singano pamene ekiselo imazungulira, ndipo a makina osokera amakwana. Mukachulutsa amadonthera pamsewu ndi kuitana fumbi.

Magetsi akazima mpikisano suyenera kuima. Tigalimoti timayenda ndi magetsi a DC, amtundu wa batire, a mavoti 12 kapena kupitirirako pang'ono, ndiye batire ya sola kapena ya galimoto imatha kuyendetsa, kungoti liwiro limatsikako. Koma ikani fyuzi ya maampu 2 kapena 3 pa waya wofiira, pafupi ndi batire. Izi sindinyengerera. Batire ya galimoto ili ndi mphamvu yolizira injini, ndipo kaphini kakagwera pakati pa njanji popanda fyuzi, mawaya amapsa, pulasitiki n'kusungunuka, m'nyumba muli ana. Mukasemphanitsa mawaya, galimoto zimathamangira chakumbuyo. Njira ya batireyi ndi ya maseti wamba okha, a digito, aja oyendetsa tigalimoto tingapo mumpata umodzi, ali ndi zamkati zosachedwa kupsa.

Msewu ukatalika, mbali yakutali ndi polowera magetsi imafooka, chifukwa polumikiza paliponse pamataya mphamvu pang'ono. Finyani timilomo tachitsulo tapolumikizapo ndi pulayazi kuti tigwirane, ndipo kokani mawaya awiri kunsi kwa thabwa kukafika pakati pa msewu, njanji yakumanja ku yakumanja, yakumanzere ku yakumanzere.

Pa mpikisano, mpata wakunja ndi wamkati sufanana, choncho kwathu timathamanga maulendo 20, kusinthana mipata, enanso 20. M'gawo 10 ndidzafotokoza za kuchotsa maginito ndi kuikamo mtovu.