Mneneri anawauza kuti achira, ine ndinawatenga magazi

Lolemba m'mawa, pabenchi la kiliniki ya ma ARV panakhala mayi amene tinawasowa miyezi isanu. Ndinawazindikira ndi chitenje cha Mvano, poti nanenso ndili nacho. Anali atawonda, akutsokomola mosalekeza.

"Mayi, munali kuti nthawi yonseyi?"

Anayang'ana pansi. "Anesi, mneneri anati ndachira. Tinasala kudya kuphiri masiku atatu, botolo la mankhwala ndinakataya m'chimbudzi."

Mtima unandiwawa kwambiri, chifukwa dzina limene anawanyenga nalo ndi lomwe ine ndimaligwadira. Ndinayamba unamwino mankhwalawa atangoyamba kuperekedwa ulele m'chaka cha 2004, ndipo ndimakumbukira mawodi a nthawi imeneyo, odwala atagona mpaka pansi pa mabedi. Lero munthu amamwa mbulu umodzi patsiku n'kumalima munda wake. Koma akasiya, kachilombo kamachulukanso m'magazi, chitetezo chimatsika, ndipo chifuwa chachikulu sichichedwa kulowa. Ndinawatenga magazi ndi makhololo, n'kuwauza kuti abwerenso Lachisanu ndi amuna awo.

Lachiwiri linangotha ndi sikelo ya amayi oyembekezera komanso malipoti a pamwezi.

Nkhani ija inanditsata kunyumba Lachitatu. Magetsi atazima tinakhala pakhonde kuti tipemphere, koma mwana wanga wa Fomu 3 maso ali pafoni. Anandionetsa kanema wa pa TikTok: munthu wovala suti yonyezimira akuwaza anthu madzi, nambala ya Airtel Money ili pansi pake. Kenaka anafunsa, "Amayi, ndiye kuti inu simukhulupirira kuti Mulungu amachiritsa?"

Bambo ake anafuna kumudzudzula, ndinawaletsa. Funsolo linali lochokera pansi pa mtima, ndipo mwana ukamutseka pakamwa amakafunsa kwa anthu a pafoni omwewo. Tinatsegula Buku Lopatulika pa Luka 17, tochi ya foni yake yomweyo ikutiunikira. Yesu atakumana ndi akhate khumi anawatuma kukadzionetsa kwa ansembe, omwe masiku amenewo ndiwo ankaona ngati khate latha. Ndinamuuza kuti ndimakhulupirira machiritso ndi mtima wonse, koma wochiritsidwadi saopa kuyezedwa. Ndinamusonyezanso Akolose 4:14, pamene Paulo akumutchula Luka kuti sing'anga wokondedwa. Sanayankhe. Sindinganene kuti ndinamugonjetsa, koma foni anaiika pansi ndipo pemphero lotsekera anapemphera ndi iyeyo.

Lachisanu mayi aja anabwera, amuna awo ali pambuyo, chipewa chili m'manja. Makhololo anaonetsa TB. Bamboyo anati ankaopa kuti kumwa mankhwala pambuyo pa pemphero n'kukayikira Mulungu. Kuntchito sitilalikira, ndipo ndimalemekeza zimenezo, koma iwo eni anandifunsa ngati ndimapemphera. Ndinati inde, m'mawa uliwonse ndisanavale yunifomu, ndipo mankhwala a BP ndimamwa tsiku lililonse. Mayiwo anaseka pang'ono, koyamba sabata yonseyi. Tinawayambitsa mankhwala a TB a miyezi isanu ndi umodzi, n'kukonza tsiku loyambiranso ma ARV.

Lamulungu ndinali pa ntchito, kutchalitchi sindinapite. Madzulo mwana uja anabwera kudzandichingamira pa siteji, n'kundifunsa ngati mayi a ku Mvano aja ayamba kupeza bwino.