Kukhala pa desiki imodzi sikokwanira

Pali maganizo amene ndimawamva kawirikawiri kwa aphunzitsi anzanga ndi makolo omwe, akuti mukangosonkhanitsa ana a mitundu, zilankhulo ndi zipembedzo zosiyana pasukulu imodzi, azolowerana okha. Ine ndimaphunzitsa bayoloje pasukulu ya sekondale yotero, ndipo zimenezi ndikuzikana. Bwerani mudzaime pabwalo belu la nthawi yopuma likangolira. Ana amene posachedwapa amabwerekana rula amabalalika, aliyense kulunjika komwe kuli a chilankhulo chake. Ndewu palibe, kutukwanana palibe. Koma mwana atha kumaliza sukulu osadziwa kuti mnzake wokhala kumbuyo kwake ali ndi abale angati.

Panopa pasukulu pathu tikulembanso masomphenya ndi zolinga. Mawu okoma alipo kale pachikwangwani cha pageti: ulemu, umodzi, khama. Ndilibe nawo vuto. Chimene ndikulimbikira pamisonkhano n'chakuti mawu alionse tiwasandutse chinthu chimene mwana wongoyamba kumene angachione ndi maso ake Lolemba m'mawa.

Mu 1954, katswiri wa za maganizo a anthu wa ku America, Gordon Allport, anafotokoza kuti kukumana kwa magulu osiyana kumachepetsa tsankho pakakhala zinthu zinayi: akumane popanda wapamwamba kapena wapansi, akhale ndi cholinga chimodzi, adalirane pochikwaniritsa, ndipo atsogoleri aonetse poyera kuti akugwirizana nazo. Sukulu zambiri zimakwanitsa chachinayi chokha, n'kuchilemba ndi penti pakhoma. Zitatu zinazo n'zimene zimafuna thukuta la mphunzitsi.

Njira imene yandithandiza kwambiri ndi ya jigsaw, yogawira ana zidutswa za phunziro kuti aphunzitsane okha. Anaiyambitsa Elliot Aronson ndi ophunzira ake mu 1971 mumzinda wa Austin ku Texas, sukulu za kumeneko zitangosiya kusankhana mitundu. Ana achizungu, achikuda ndi a mabanja olankhula Chisipanishi anapezeka m'kalasi imodzi, ndipo mikangano inabuka. Aronson anaona kuti kalasi ya masiku onse ndi mpikisano wokhawokha: mphunzitsi afunsa, ozolowera akweza manja, wolakwitsa asekedwa. Ndiye anagawa phunziro m'zidutswa, mwana aliyense m'gulu n'kupatsidwa chidutswa chake chokha, pomwe mayeso adzafunsa phunziro lonse.

Ine ndimachita zimenezi pophunzitsa kayendedwe ka magazi. M'gulu la ana asanu, wina atenga zipinda zinayi za mtima, wina mitsempha, wina maselo a magazi, wina mapapo, wina matenda a mtima. Chaka chatha ndinali ndi mtsikana amene banja lake linali litangofika kumene kuchokera kudziko lina. Chilankhulo chophunzitsira chinkamuvuta, moti sankatsegula pakamwa m'kalasi. Anatenga mbali ya mtima. M'gulu lake munali mnyamata uja wa m'kalasi iliyonse, wokweza dzanja funso lisanathe. Mtsikanayo atayamba kudodoma, mnyamatayo anatembenukira kwa ine n'kunena kuti, “Aphunzitsi, bwanji mungotifotokozera inuyo?” Ndinamuyankha kuti mbali imeneyo ili kwa mnzakeyo basi, ndipo mayeso ndi Lachisanu. Anakhala kaye duu. Kenaka anakokera mpando pafupi n'kumuuza kuti, “Tajambula, mwina ndimva.” Mtsikana uja anajambula mtima ndi bolopeni ziwiri, yofiira ndi yabuluu, mivi ikuonetsa magazi opita kumapapo ndi obwerako, ndipo gulu lonse linakopera chithunzi chake. Sindikunena kuti anasanduka mabwenzi apamtima. Koma kuchokera tsiku limenelo mnyamatayo ankamuitana ndi dzina lake lenileni, katchulidwe kake kolondola.

Nkhani ya mayinayi sindiitenga mopepuka. Mphunzitsi akamaitana mayina m'mawa n'kufika pa dzina lachilendo, n'kunena kuti “lako ndi lovuta, tizikutcha lina lalifupi,” kalasi yonse yaphunzira kale kuti pano pali eni ake ndi alendo. Mawu oti ulemu apachikwangwani aja amagwera pomwepo.

China chimene chimandipweteka ndi tsiku lokumana ndi makolo. Kholo losadziwa chilankhulo cha pasukulu limabwera ndi mwana wake yemweyo kuti azimasulira. Taganizani mwana wa zaka 14 akuuza bambo ake kuti, “Akuti ndalephera masamu.” Ena amabisa, ndipo sindiwada. Sukulu yonyadira kuti ili ndi mitundu yambiri ipeze anthu akuluakulu omasulira, ngakhale makolo ena odzipereka.

Ndikafooka ndimakumbukira sukulu zimene masomphenya ake anali ndi mtengo wolipira. Mu 1963, Michael Stern, mphunzitsi wa ku Britain amene anagwirapo ntchito ku Johannesburg, anatsegula sukulu ya Waterford pafupi ndi Mbabane ku Swaziland, dziko lomwe lero ndi Eswatini. Anayamba ndi anyamata 16 a mitundu yosiyana, pa nthawi imene malamulo a tsankho ku South Africa sankalola zotere. Ana aakazi a Nelson Mandela anaphunzira pamenepo bambo awo ali m'ndende. Mumzinda wa Belfast ku Northern Ireland, chiwawa cha pakati pa Akatolika ndi Apulotesitanti chili mkati, makolo anatsegula Lagan College mu 1981 ndi ana 28, Akatolika ndi Apulotesitanti pamodzi. Anthu amenewa ankadziwa chimene akukana, n'chifukwa chake ankadziwanso choti achite tsiku ndi tsiku.

Anzanga ena akuti tichulukitse masiku oonetsa zikhalidwe, ana avale zakwawo, avine, aimbe. Tsikulo ndimalikonda, ndipo makolo amabwera mwaunyinji. Koma ndi tsiku limodzi pachaka, ndipo mwana amaoneka ngati nthumwi ya mtundu wake, pomwe iye mwina akungofuna adziwike kuti ndi dolo pa masamu kapena pagolo.

Pamsonkhano ukubwerawu ndikupita ndi zopempha zochepa. Kalendala ya mayeso tiziyamba taiyerekeza ndi masiku opatulika a zipembedzo zonse zimene zili pasukulu. Magulu a m'kalasi ndi matimu azisankhidwa ndi mphunzitsi, osati ana okha. Chovuta kwambiri ndi ichi: kumapeto kwa teremu iliyonse titsegule buku la zilango, tione kuti ndi ana a magulu ati amene akulangidwa kwambiri, ndi ati amene akusankhidwa kukhala atsogoleri a anzawo. Ndikudziwa kuti ena mu stafu rumu sadzakondwa nazo, chifukwa m'bukumo mulinso dzina la mphunzitsi amene anapereka chilango chilichonse, langa lomwe.