Filiwilo ya mano 22 pa njinga yanga

Ntchito yodzutsa njinga yanga yakale yafika pa magiya. Sabata ino ndachotsa filiwilo (giya ya ku tayala la kumbuyo) ya mano 18 n'kuikapo ya mano 22. Giya ya kutsogolo, ya ku mapedulo, ndaisiya yomweyo ya mano 44.

Kale ndikapalasa kamodzi, tayala la kumbuyo linkazungulira ka 2.4, kutanthauza 44 kugawa ndi 18. Tayala la mainchesi 28 limayenda pafupifupi mamita 2.2 likazungulira kamodzi, ndiye kupalasa kumodzi kunkanditengera mamita 5.4. Pano likuzungulira kawiri ndendende, mamita 4.4. Mita yathunthu yapita. Koma mphamvu yopotokola tayala yakwera ndi magawo 22 pa 100, miyendo ili yomweyi. Filiwilo ikakula, tcheni chimakokera patali ndi pakati pa tayala, monga mmene sipanala yaitali imamasulira nati yokanika.

Kwa ife a ku Dedza ndikuona kuti kusinthaku n'koyenera. Tauni yathu ili pamwamba, pafupifupi mamita 1,600, ndipo ukangopatuka pa M1 wakumana ndi chitunda. Ndayesa nditamanga thumba la mbatatesi pa keliyala. Chitunda cha kwathu chomwe ndinkatsika n'kumakankha, ndachikwera ndili pachishalo, maondo osawawa. Mtima wanga unasangalala kwabasi! Pathyathyathya pokha m'pomwe miyendo ikuzungulira msanga liwiro osaoneka, akabaza n'kumandipitirira, koma ine ndi munthu wa katundu.

Galimoto imachitanso zomwezi, kungoti dalaivala amasankha ali paulendo. Pa magalimoto ang'onoang'ono ambiri, mu giya yoyamba injini imazungulira kopitirira katatu kuti shafti yotuluka mu giyabokosi izungulire kamodzi, kenaka difu, magiya omwe amapereka mphamvu ku matayala, n'kuchepetsanso pafupifupi kanayi. N'chifukwa chake imalira kwambiri, n'kumakwawa, koma ikukoka. Mu giya yachinayi, injini ndi shafti nthawi zambiri zimayendera limodzi. Potsika Khwekhwelere kupita ku Golomoti, madalaivala odziwa amakhala mu giya yotsika kuti injini izigwira galimoto, mabuleki asatenthe.

Njinga yanga mwayi umenewo ilibe, poti filiwilo imangomasuka potsetsereka, kulemera konse kwa thumba kumagwera pa mabuleki. Tcheni ndachiwonjezera kale linki imodzi chifukwa chinafupika pa mano 22. Loweruka ndikagula marabala atsopano a mabuleki, a kutsogolo ndi a kumbuyo omwe, ndisananyamulenso katundu.