Zimene ndikuphunzira za madzi oyera ndi tizilombo tosaoneka

Temu ino mu kosi ya zamoyo za m'madzi tafika pa mutu umene anzanga ambiri akuudandaula: mmene mabakiteriya ndi plankton (tizamoyo ting'onoting'ono toyandama m'madzi) amakhalira m'madzi osowa michere. Ine wandikoka mtima, ndipo ndikulemba kuti ndione ngati ndaumvetsadi mayeso asanafike.

Poyambira pake ndi pophweka. Madzi akakhala obiriwira ngati a m'madamu ena a kuno ku Lusaka, kapena odzaza namasupuni ngati mbali zina za Kafue, ndiye kuti nayitrojeni ndi fosiforasi zachuluka, nthawi zambiri chifukwa cha feteleza ndi zonyansa za m'tauni. Akakhala oyera mbee ngati apakati pa nyanja ya Tanganyika, micherezo ndi zochepa kwambiri. Akatswiri amayeza kuyeraku ndi kambale koyera komangirira chingwe, komwe Angelo Secchi anakagwiritsa ntchito mu 1865: umakatsitsa m'madzi mpaka kataleka kuoneka, n'kuyeza chingwecho. Mpaka lero chipangizo chake ndi chomwecho.

Funso limene aphunzitsi athu anatisiyira ndi lakuti, nanga madzi anjala chonchi amadyetsa bwanji kapenta wodzaza masaka ku Soweto Market?

Yankho limayambira pa kuchepa thupi. Selo ikakhala yaing'ono, khungu lake limakhala lalikulu poyerekeza ndi zam'kati zofunika kudyetsedwa, choncho imatola michere ngakhale yamwazikana motani. N'chifukwa chake m'madzi osauka amalamulira ndi timaselo tosafika ngakhale mamaikiromita awiri (mu milimita imodzi muli mamaikiromita 1,000). Chitsanzo chotchuka ndi bakiteriya wotchedwa Prochlorococcus, amene Sallie Chisholm ndi anzake anamufotokoza mu 1988. Kukula kwake ndi pafupifupi mamaikiromita 0.6, koma pa zamoyo zonse zopanga chakudya ndi kuwala kwa dzuwa, ndiye wochuluka kuposa onse padziko. Ameneyu ndi wa m'nyanja zamchere. Ku Tanganyika ntchitoyo amagwira ndi abale ake a mtundu wa Synechococcus.

Apa ndi pamene ndinachedwapo, chifukwa kusunga chuma kwa tizilomboti n'kodabwitsa. Prochlorococcus amamanga khungu lake ndi mafuta okhala ndi safa m'malo mwa fosiforasi, kuti fosiforasi yochepayo aisungire DNA ndi zina zofunika. Anatayanso majini (zigawo za DNA) ambiri, kuphatikizapo opangira catalase, yomwe imateteza selo ku hydrogen peroxide, ndipo amangodalira mabakiteriya oyandikana nawo kuti amuchotsere poizoniyo. Chitsanzo china ndi gulu la mabakiteriya lotchedwa SAR11, limene Stephen Giovannoni analipeza mu 1990 m'madzi a Sargasso Sea. Panapita zaka 12 asanakwanitse kuliweta mu labu, ndipo chinsinsi chake chinali kuleka kulipatsa chakudya chambiri, n'kumalilera m'madzi a m'nyanja momwemo. Ndi moyo wa pamela: banja lozolowera kugula kapaketi ka ufa pa kantemba tsiku ndi tsiku limadziwa kuwerengera supuni iliyonse, kungoti tizilomboti ukatiikira thumba lonse la 25 kg sitikula n'komwe.

Chachiwiri ndi chakuti m'madzi otere palibe chotayika. Ndere zosaoneka ndi maso, monga Prochlorococcus ndi Synechococcus, zimatulutsa shuga ndi zina zosungunuka m'madzi. Kale anthu ankaganiza kuti zimenezi zimangowonongeka. Lawrence Pomeroy mu 1974, kenako Farooq Azam ndi anzake mu 1983, anasonyeza kuti mabakiteriya amazitola, iwowo n'kudyedwa ndi maprotozoa (tizilombo ta selo imodzi), maprotozoawo n'kudyedwa ndi timakopepodi (tinyama ting'onoting'ono ta mtundu wa nkhanu), timene ndi chakudya cha kapenta. Pa sitepe iliyonse fosiforasi ndi nayitrojeni zimabwerera m'madzi n'kutoledwanso nthawi yomweyo. Choncho ukayeza madziwo n'kupeza michere yochepa, sikuti mulibe ntchito. Michereyo ili m'matupi, ikungosinthana manja mwachangu. Mfundo imeneyi ndikuona kuti mabuku athu amaithamangira, pamene ndiyo mutu wa nkhani yonse.

Za chiwerengero cha Redfield, chosonyeza mlingo wa maatomu m'matupi a plankton, kaboni 106, nayitrojeni 16, fosiforasi 1, ndangoziloweza. Za funso la katswiri wa zamoyo G. Evelyn Hutchinson la mu 1961, loti mitundu yambirimbiri ya plankton imakhalira limodzi bwanji polimbirana michere yochepa yomweyo, tinakangana pa gulu lathu lowerengera mpaka wina anapita kukagula zitumbuwa. Yankho limene ndikulikhulupirira ndi lakuti madzi sakhazikika nthawi yokwanira kuti mtundu umodzi upambane.

Komabe kuzungulira kokhako sikungadzaze masaka. Tanganyika ndi yakuya pafupifupi mamita 1,470, ndipo michere yake yambiri ili pansi, m'madzi opanda okosijeni amene sasakanikirana ndi apamwamba ofunda. Imakwera ndi mphepo. Kuyambira mu Meyi mpaka Seputembala mphepo yochokera kum'mwera chakum'mawa imakankhira madzi apamwamba kumpoto, ndipo kum'mwera, mbali ya Mpulungu, madzi ozizira a pansi amatumphuka ndi michere yawo. Ndere zimachuluka, timakopepodi timatsatira, kapenta ndi buka buka n'kupeza chakudya. Mu 2003 Catherine O'Reilly ndi anzake analemba kuti kutentha kwa madzi apamwamba ndi kufooka kwa mphepo zachepetsa kusakanikiranaku, ndipo zokolola za ndere zatsika ndi pafupifupi 20 peresenti. Akatswiri ena amati kupha nsomba mopyola muyeso kulinso ndi mlandu waukulu, ndipo ine ndikuona kuti zonse ziwiri zikugwira ntchito limodzi.

Kapenta wa ku Siavonga naye nkhani yake ndi yomweyi. Anatengedwa ku Tanganyika m'zaka za 1967 ndi 1968 n'kuikidwa mu Kariba, chifukwa pakati pa damu latsopanolo panali plankton koma panalibe nsomba yoidya. Kumeneko michere imadalira kwambiri mitsinje yothira m'damumo komanso kutembenuka kwa madzi m'nyengo yozizira, choncho chaka cha chilala chimaonekera pa nsomba. Lipoti langa la temu ino ndasankha kuti likhale loyerekeza nyanja ziwirizi, ina yodyetsedwa ndi mphepo, ina ndi mitsinje, ndipo aphunzitsi avomera bola ndilipereke mwezi uno usanathe.