Kabudula wobwereka pa kapinga wa pulasitiki

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera ku yunivesite ina ya ku Ohio, ku America, komwe ndinaphunzira. Makalata awo ambiri amakhala opempha ndalama, ndiye ndimangofufuta osawerenga. Koma iyi inali ndi chithunzi cha amuna ovala zipewa zachikasu akukulunga kapinga wa pabwalo la zamasewera ngati mmene timakulungira mkeka alendo akatsanzika. Akuti watha ntchito, akuyala wina. Ndinachiyang'anitsitsa chithunzicho, chifukwa penapake mumpukutu umenewo muli khungu la bondo langa lamanzere.

Kapinga ameneyu samera, amachita kuyala. Anatchuka mu 1966 ku Houston, pabwalo lofolera la Astrodome, udzu weniweni utafa posowa dzuwa. Wa masiku ano ndi timaluzu ta pulasitiki tobiriwira, pakati pake atathira mchenga ndi tizidutswa takuda ta matayala akale ogaya. Amene munapondako pa Kamuzu Stadium ku Blantyre mukuudziwa mtundu wake. Pakatha zaka 8 kapena 10 amaphwatalala n'kuuma, ndiye amamuchotsa. Samudula, samuthirira, alibe chitedze kapena chiswe. Koma mukagwerapo mothamanga amasenda munthu ngati mbatata.

Ine ndinafika kumeneko mu August, ndipo pasanathe mwezi mnzanga wogona naye chipinda chimodzi anandifunsa ngati ndimasewera football. Funso lotani limenelo kwa munthu amene anakulira pa chikulunga ku Ndirande? Ndinamuuza kuti kwathu ndinkamenya nambala 7, ndipo ndinawonjezerako pang'ono za zigoli zanga. Anandilemba dzina m'timu ya nyumba yathu yogonamo, mu ligi ya ophunzira okhaokha. Mphoto ya ligi yonseyo ndi tisheti. Tisheti imodzi aliyense, basi, koma anthu amaifera ngati chikho cha Africa.

Tsiku loyamba lokonzekera ndinapeza mpira wake ndi wosongoka uku ndi uku ngati papaya, ndipo palibe amene ankaumenya ndi mwendo. Anandifotokozera kuti iyi ndi flag football, mng'ono wake wa mpira uja amagundana atavala zipewa zolimba. Kuno sagwetsana. Mbali iliyonse mumakhala anthu 7, ndipo aliyense amavala lamba wokhala ndi tinsalu titatu, kamodzi mbali iyi, kena mbali inayo, kachitatu kumbuyo. Ukamathamanga ndi mpira mdani n'kukusolola lambayo, basi waima pomwepo. Timu imapatsidwa mwayi kanayi kuti idutse mzere wotsatira, ndipo mizereyo imatalikirana mayadi 20. Ukalowa ndi mpira kumapeto kwa bwalo ndiye touchdown, mapointi 6. Malamulo ena onse anali m'kabuku komwe anatipatsa. Ine kabukuko ndinaikirapo kapu ya tiyi.

Kuwakha mpira sindinkatha, kuponya ndiye musanene. Koma liwiro linalipo. Kaputeni wathu anaganiza kuti azingondipatsira m'manja ine n'kumathawa nawo.

Masewero oyamba anali usiku wina mu October, magetsi a pabwalo akuwala ngati masana, kukuzizira moti mpweya wa m'kamwa unkaoneka. Tisanayambe, oyimbira anatiyang'ana zovala. Oyimbirawo anali mtsikana wamfupi, wophunzira mnzathu, koma nkhope yake inali ya mahedi. Analoza kabudula wanga n'kupukusa mutu. Anali ndi matumba. Lamulo limaletsa matumba, poopa kuti wina pofuna kusolola lamba angalowetsemo chala n'kuthyoka. Kuti ndibwerere kunyumba kukasintha nthawi inali itatha. Ndiye mnzathu wina, chimunthu cha kumudzi ku mafamu cholemera ngati matumba awiri a chimanga ndi theka, anatulutsa kabudula wapadera m'chikwama mwake.

Kabudula ameneyo akanakwana ine ndi mchimwene wanga pamodzi. Lasitiki yake inafa kalekale, chomwe chinkamugwira ndi chingwe cha m'chiuno chokha. Ndinakoka chingwecho mpaka kabudula anachita makwinya ngati thumba la makala, koma chotsala chinkalendewera kufika m'mawondo. Apa ndi pomwe nzeru zinandibwerera. Lamba wa tinsalu uja amangomukoleka ndi kopanira kapulasitiki, ndipo poyeserera anali atandigwa yekha kawiri. Ndinati zinthu za azungu n'zofooka. Ndinatenga chingwe chotsalacho n'kuchizunguliza pa lamba, n'kumanga mfundo ziwiri zolimba, zomwe agogo anga ankamangira mbuzi pamtengo. Kabudula wagwira, lamba wagwira. Ndinadziyamikira ndekha mumtima.

Safunsa anadya phula, abale.

Chigawo chachiwiri chili mkati, tikutsalira ndi mapointi ochepa, kaputeni anandigwiritsa mpira pamimba. Ndinaliyatsa la mtondo wadooka. Woyamba ndinamudutsa ngati waima. Wachiwiri anagwira kansalu ka kumanja n'kukoka, koma ine ndinangomva ngati ndakodwa pa kamtengo, n'kupitirira. Wachitatu anagwira ka kumbuyo ndi manja awiri, ndinamukoka masitepe angapo mpaka anasiya yekha akukuwa mawu omwe sindingalembe pano. Ndinalowa kumapeto kwa bwalo ndi tinsalu tonse titatu tili pompo. Anzanga anandithamangira akulumpha. Atsikana a nyumba yathu, omwe anabwera kudzachemerera atafunda mabulangete, anaimirira. Ndinavina pang'ono, sindikana. Kamanganje kochepa chabe.

Chimene chinali m'kabuku kaja, pansi pa kapu ya tiyi, n'chakuti munthu akachinya amakweza manja m'mwamba, oyimbira n'kubwera kudzasolola lamba kuti aone ngati sanamangidwe. Akakana kuchoka, chigoli palibe.

Oyimbira anafika n'kundiuza kuti ndikweze manja. Ine ndinaganiza kuti ndi mwambo wawo wolemekeza wochinya, ndiye ndinakweza mosangalala, mpira uli m'mwamba, chifuwa patsogolo. Anakoka kamodzi. Lamba gwa. Anandiyang'ana kumaso, n'kukokanso. Gwa. Kachitatu analuma wezulo, anaponda mwendo umodzi kutsogolo ngati akuzula chinangwa, n'kukoka ndi mphamvu zonse. Mfundo za agogo sizinamasuke, ndiziyamikire pamenepo. Chinachitika n'chakuti chingwe chinaduka kumbuyo n'kusololoka chonse, lamba ndi tinsalu ndi chingwe zili m'manja mwa oyimbira, ndipo kabudula wa eni ake anatsika mwaulemu mpaka pa nsapato.

Bwalo lonse zii.

Ndiyenera kufotokoza kanthu kena. Kuyambira pomwe ndinapita ku sekondale yogonera konko, amayi anga amasokerera dzina langa pa chovala chilichonse kuti anzanga asabe pachingwe. Sanasiye ngakhale ndikupita ku America. Kabudula wamkati amene ndinavala usiku umenewo anali wofiira psuu, ndipo kumbuyo kwake kunali dzina langa ndi la bambo anga, zilembo zazikulu, ulusi woyera. Anthu amene kwa miyezi iwiri ankalephera kulitchula analipeza litalembedwa bwinobwino pansi pa magetsi. Ndinamva mnyamata wina wa timu inayo akuliwerenga pang'onopang'ono ngati wa Sitandade 1.

Munthu wanzeru akanawerama n'kukweza kabudula. Ine miyendo inaganiza mutu usanaganize, ndinafuna kuthawa. Sitepe yoyamba inatheka. Yachiwiri kabudula anandikola, ndipo ndinagwa chafufumimba n'kutsetsereka pa kapinga uja ngati mwana pa matope a dzinja. Bondo linasupuka, chigongono chinasupuka, tizidutswa ta matayala tinalowa m'kamwa, m'makutu ndi kwina kumene sindinena. Pamenepo ndi pomwe chikhakhali chinaphulika. Mwini kabudula anagona pansi akumenya kapinga ndi chikhatho. Oyimbira anayesetsa kuumitsa nkhope, koma wezulo ankalira yekha pang'onopang'ono m'kamwa mwawo.

Atapezako mpweya analengeza chigamulo. Chigoli chafufutidwa, timu yabwezedwa m'mbuyo, ndipo ine ndatulutsidwa m'masewero chifukwa chomanga lamba. Ndinatuluka ndikutsimphina, dzanja limodzi litagwira kabudula. Tinaluza. Tisheti ija sitinaione chaka chimenecho kapena china chilichonse. Bala la pabondo linkamatirira ku thalauza kwa masabata awiri. Koma dzina langa, kuyambira tsiku limenelo mpaka ndinamaliza maphunziro, aliyense ankalitchula lonse, ndi la bambo lomwe. Ndikumva kuti masewerawa akalowa nawo mu Olympics ya ku Los Angeles mu 2028, ndipo mnzanga wa m'chipinda uja ananditumizira kale uthenga wofunsa ngati Malawi ikufuna mphunzitsi wa kamangidwe ka malamba.

Tizidutswa ta matayala tija sititha. Umakutumula nsapato lero, mawa tilimo tina. Nditabwerera kumudzi, amayi anatsegula sutikesi yanga kuti achape zovala, ndipo ndinangomva akundiitana kuseri. Ndinawapeza atagwira nsapato yanga yamasewero, akuigwedezera pa lichero lakale, timbewu takuda tikugwa.

"Iwe, ndiye kuti ku Amerikako makoswe aliponso chonchi?"

Ndinayamba kufotokoza za kapinga wa pulasitiki ndi matayala ogaya. Anandimvetsera mpaka pamapeto, akugwedeza mutu. Madzulo ake ndinapeza sutikesi ili padzuwa pakhonde, msampha uli mkati, atakolekapo kanyenyeswa ka usipa.