Madola 7 pamwezi: sabata imene ndinatha ndi asilikali a 54th Massachusetts

Ntchito yanga ndi kukonza pulogalamu ya mbiri yakale pa wailesi, ya mphindi 25, imene imamveka Loweruka madzulo. Ndimawerenga, ndimalemba, ndimasaka mlendo, tikajambula mawu ndimakhala pakompyuta kudula zosafunika. Mwezi uno takhala tikutsata mapazi a John Chilembwe ku America, kumene anapita ndi Joseph Booth mu 1897 n'kukaphunzira ku Lynchburg, m'chigawo cha Virginia. Ndinkafuna omvera adziwe dziko limene iye anakapeza. Nkhondo yapachiweniweni ya kumeneko inali itatha zaka 32 m'mbuyomo, ndipo amuna akuda ambiri amene anamenya nawo anali akadali moyo. Ndiye sabata yathayi ndinasankha gulu limodzi lokha la asilikali akuda oyenda pansi, a mbali yakumpoto, lotchedwa 54th Massachusetts.

Lolemba lonse linathera pa mawu amodzi. Asilikaliwa mabuku amawatchula ndi dzina lachingelezi lakuti "volunteer", lotanthauza kuti sanachite kukakamizidwa. Poyamba ndinalemba kuti "odzipereka", koma nditawerenga mokweza ndinamva ngati ndikunena za anthu osesa kutchalitchi kwaulere. Sizinali choncho ayi. Analembetsa okha, inde, koma analonjezedwa malipiro ofanana ndi a msilikali wina aliyense. Ndinafufuta n'kulemba kuti "analowa usilikali mwa kufuna kwawo". Nthawi imeneyo sindinadziwe kuti mkangano wa sabata yonse ubisala pomwepo.

Gululi linakhazikitsidwa kumayambiriro kwa 1863, mtsogoleri wa dzikolo, Abraham Lincoln, atangolengeza pa 1 Januwale kuti akapolo a m'zigawo zogalukira zakum'mwera ndi mfulu. Bwanamkubwa wa Massachusetts, John Andrew, ndiye analimbikira. Amuna anachokera m'zigawo zambiri zakumpoto, ena mpaka ku Canada. Frederick Douglass, amene anabadwira mu ukapolo, ankayenda kukopa anthu, ndipo ana ake awiri, Lewis ndi Charles, analembetsa. Akuluakulu a gululi anali azungu, mtsogoleri wawo Robert Gould Shaw, mnyamata wa zaka 25. Anaphunzira za nkhondo ku Readville ndipo anatuluka mu Boston pa 28 Meyi. Ankadziwa zimene zikuwadikira, chifukwa akum'mwera anali atalengeza kale kuti msilikali wakuda akagwidwa sadzatengedwa ngati mkaidi wa nkhondo, ndipo mzungu womutsogolera akhoza kuphedwa.

Lachiwiri ndinalemba za Fort Wagner, ndipo zinkangolembeka zokha. Linali linga la mchenga la akum'mwera pachilumba cha Morris, lotchinga njira yolowera kudoko la Charleston. Madzulo a pa 18 Julayi 1863, amuna pafupifupi 600, otopa ndi anjala atayenda usiku m'matope, anaikidwa kutsogolo. Njira inali kagombe kopapatiza, kuno nyanja uko dambo, mizinga ili patsogolo. Anafika pamwamba pa linga koma sanalilande. Shaw anafera pomwepo, ndipo ophedwa, ovulala ndi osowa anapitirira 270. Adani anamuponya m'dzenje limodzi ndi asilikali ake poganiza kuti akumunyoza, koma bambo ake anapempha kuti asamufukule, agone pomwepo ndi anzake. William Carney anatola mbendera, n'kubwerera nayo ali ndi mabala angapo. Mendulo ya kulimba mtima kwakeko anailandira mu 1900.

Nkhani yotere pa wailesi imakoma. Vuto linabwera Lachitatu, mkulu woyang'anira mapulogalamu atawerenga zimene ndinalemba. Zinali zitapyola nthawi ndi mphindi zisanu ndi chimodzi.

"Achimwene, nkhondoyo isiyeni momwemo, yagwira mtima," anatero. "Koma zamalipirozi chotsani. Anthu Loweruka madzulo safuna kumva masamu."

"Bwana, mukachotsa pamenepo mwachotsa mutu wa nkhani," ndinayankha. "Ndipatseni mpaka mawa, ndidula kwina."

Anali ndi mfundo, chifukwa manambala pa wailesi amauluka. Koma taonani masamu akewo. Msilikali wachizungu ankalandira madola 13 pamwezi. Amunawa atafika kum'mwera anauzidwa kuti awo ndi madola 10, ndipo pamenepo adulapo 3 a zovala. Otsala 7. Boma la America linkati lamulo limawaona ngati antchito wamba othandiza kunkhondo. Iwo anakana kulandira, gulu lonse. Wolipira akabwera ndi ndalama, ankabwerera nazo. Kumapeto kwa 1863 boma la Massachusetts linati liwonjezerapo lokha kuti zikwane 13, iwo anakananso, chifukwa chimene ankafuna n'chakuti boma limene akulifera liwavomereze kuti ndi asilikali. Anakhala choncho miyezi pafupifupi 18, kwawo kuli akazi ndi ana. Ndipo sikuti kudandaula kunali kopanda ngozi: William Walker, sajeni wa gulu lina la akuda la ku South Carolina, anaomberedwa mu Febuluwale 1864 atatsogolera anzake kutula mfuti pansi pa nkhani yomweyi. A 54th mfuti sanatule. Ankamenya nkhondo, ankakumba ngalande, koma ndalama yochepayo osaikhudza.

Kuthamangira linga kumafuna mtima wa ola limodzi. Kukana ndalama mwezi ndi mwezi, kalata yochokera kwa mkazi wako ili m'thumba, ine ndimaona kuti n'kovuta kuposa pamenepo. N'chifukwa chake usiku wa Lachitatu ndinadula maina a akazembe, ndinadula nkhondo ya ku Honey Hill ndi ya ku Boykin's Mill, ndinafupikitsa ngakhale Fort Wagner yemweyo. Chimodzi chimene sindinalole kuchotsa ndi Darien, tauni ya ku Georgia imene inaotchedwa mu Juni 1863 molamulidwa ndi James Montgomery, mtsogoleri wa gulu lina la mbali yawo yomweyo, ena a 54th ali nawo. Shaw anadandaula nazo kwambiri, koma tauniyo inapsa ndithu. Ndikabisa zimenezo ndiye kuti ndikuimba nyimbo yotamanda, sindikufotokozanso mbiri.

Lachinayi tinalowa mu situdiyo ndi mlendo wanga, mphunzitsi wa mbiri yakale wopuma pantchito. Magetsi anazima tili pakati, jenereta n'kuyamba kulira m'mawu, moti gawo lachiwiri tinajambula kawiri. Koma kubwerezako kunatipindulira. Ulendo wachiwiri bambowa anakumbutsa za kalata imene Chilembwe analembera nyuzipepala ya Nyasaland Times kumapeto kwa 1914, nkhondo ya ku Karonga itachitika, yodandaula kuti anthu akuda akufera nkhondo imene si yawo. Ndinawapempha kuti tisasakanize ziwirizi. A 54th nkhondo inali yawo, ankamenyera kuti ukapolo uthe, ena mwa iwo abale awo akadali akapolo. Askari a KAR (King's African Rifles, gulu lankhondo la atsamunda achingelezi) ndi amtengatenga, kuphatikizapo agogo awo a bambo anga amene anasenza katundu m'nkhondo yoyamba ya dziko lonse, analowetsedwa m'mkangano wa azungu okhaokha. Bambowa anavomera, koma anawonjezera kuti funso la mtengo wa magazi a munthu wakuda linali lomwelo mbali zonse. Mawu amenewo ndinawasiya momwe anawanenera.

Lachisanu linali la kudula ndi kulumikiza, kuyambira m'mawa mpaka mdima, mahedifoni ali kumakutu. Ndinaikamo za Olustee ku Florida, pa 20 Febuluwale 1864, pamene gululi linatchinga kumbuyo anzawo akuthawa, kenako n'kukoka ndi zingwe sitima yapamtunda yowonongeka yodzaza ndi ovulala. Tsiku limenelo anali asanalandirebe kalikonse. Nyumba ya malamulo inasintha lamulo mu Juni 1864, ndalama zawo zonse n'kufika mu Sepitembala. Ndinatchulanso chipilala chawo cha ku Boston, chimene chinatsegulidwa mu 1897, chaka chomwe Chilembwe anafika m'dzikolo. Maina amene anazokotedwa poyamba anali a akuluakulu achizungu. A asilikali akuda amene anafa anadzawonjezedwa m'zaka za m'ma 1980.

Mphindi ziwiri zomaliza ndinazisungira James Henry Gooding, msilikali wa udindo wa kopolo m'gululi, wochokera ku New Bedford. Mu Sepitembala 1863 analembera Lincoln kalata, ndipo funso lake linali lakuti: kodi ndife asilikali, kapena ndife antchito wamba? Ndinalimasulira ndekha, n'kupempha mnzanga wa mawu okhuthala kuti aliwerenge pang'onopang'ono, popanda nyimbo pansi. Gooding anavulala n'kugwidwa ku Olustee, ndipo anafera m'ndende ya Andersonville mu Julayi 1864, ndalama zija zisanafike.

Mkulu uja anamvetsera pulogalamu yonse Lachisanu usiku, maso ali pawotchi. Inakwana mphindi 25 ndendende. Atavula mahedifoni anangofunsa kuti, "Gooding ameneyu anasiya mkazi?" Ndinati inde, anakwatira asanapite kunkhondo. Anakhala chete pang'ono, kenako anasaina pepala lolola kuti iulutsidwe.