Mbiri ya moyo wanga, gawo 7: Maringi a pamphambano

Ndinalekezera pomwe malume anandipezera ganyu yomanga zitsulo pa nyumba yosanja ku Matawale, ku Zomba. Munali mu Febuluwale 2010, nkhani ya chivomezi chomwe chinagwetsa nyumba ku Karonga mu Disembala 2009 isanazilale pakamwa pa amisiri.

Ntchito yanga inali yolowetsa maringi, tizitsulo topinda tozungulira zitsulo zikuluzikulu, n'kuwamanga ndi waya. Pa pilala amalowa bwinobwino, pa bimu (mtanda wa konkire wogona pa mapilala) chimodzimodzi. Vuto ndi pamphambano, pomwe pilala ndi mabimu zimakumana. Zitsulo za Y16 (zonenepa mamilimita 16) zochokera uku ndi uku zinathinana moti dzanja silinkakwana, zala zonse mabala okhaokha. Ine ndinangolumpha pamenepo, mumtima ndikuti konkire akabisa.

Kutacha kunabwera mayi injiniya. Anakwera pa mashata, matabwa othiramo konkire, n'kugwada, n'kupisa chala pakati pa zitsulo.

"Wamanga apa ndani?"

"Ndine, mayi."

"Bwera kuno mwanawe, ugwire."

Sanandikalipire ayi. Anatola khala n'kujambula pa thabwa. Anati nthaka ikagwedezeka nyumba imakankhidwira m'mbali, ndiye zitsulo za bimu ya kumanzere zimakoka, za kumanja zimakankha, ndipo mphamvu zonsezo zimathera m'kachigawo kakang'onoko. Konkire amapirira kupsinjidwa koma kukokedwa sakutha, choncho amang'aluka mopingasa. Chivomezi chikabwerera kwinaku, mng'alu wachiwiri umadutsa woyamba uja ngati X. Maringi ndi amene amamukumbatira kuti asayoyoke, komanso amagwira zitsulo za pilala kuti zisapindikire kunja. Bimu ikasweka n'kukonza, anatero, koma mphambano ikaphwasuka, za pamwamba zonse zimatsikira pa anthu.

Anandionetsanso nsonga za maringi anga. Ndinkazipinda madigiri 90. Iwo anafuna 135, kuti zilume m'kati mwa konkire. Pa mapilala a pakona, zitsulo za bimu zinayenera kufika kumbuyo kwa pilala n'kupindikira m'kati mwa mphambano.

Tinamasula zonse. Masiku awiri anapita, ndipo a folomani sanandiyankhule mpaka Loweruka. Chinandipweteka kwambiri si ndalama yomwe anandidula, koma kuganiza kuti pansi pake pakhala sitolo, amayi ndi ana kumalowa tsiku ndi tsiku.

Tsiku lothira konkire ndinapempha ndekha kugwira mashini otsendera pa mphambano zonse, kuopa kuti miyala ingakakamire pa zitsulo n'kusiya mphako. Titachotsa matabwa a m'mbali, ndinayenda pilala ndi pilala ndikusisita ndi chikhatho. Madzulo ake malume anandiitana, ati kuli uthenga wochokera kumudzi ku Jali.